Tileke kunamizira Satana pa zolakwa zathu

Akonzi,

Ndikupempha danga m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi Akhristu anzanga za chizolowezi chonena kuti "Satana ndiye anandinyenga" nthawi iliyonse munthu akapezeka wolakwa. Mawuwa amamveka kukhothi pamene wolakwa akupempha woweruza kuti amumvere chisoni, ndipo amamvekanso pamaso pa akulu a mpingo, msungichuma akasowetsa ndalama za chopereka kapena bambo wapabanja akapereka mimba kwa mwana wasukulu. Ena amati analodzedwa, ena amati ndi umphawi.

Sindikukana kuti mayesero alipo, ndipo umphawi tonse tikuudziwa kuwawa kwake. Koma munthu amene anatsegula kabati, nawerenga ndalamazo, naziika m'thumba, kenako nalemba zabodza m'kaundula, anali ndi mpata wosiya paliponse pamenepo, ndipo sanasiye.

Kuzemba kotereku sikunayambe lero. Pa Eksodo 32, Aroni anauza Mose kuti iye anangoponya golide pamoto n'kutuluka mwana wa ng'ombe, chonsecho mutu womwewo ukunena kuti anamuumba ndi iyeyo. Nkhani ya Sauli pa 1 Samueli 15 ndiyo imandikhudza kwambiri, chifukwa ikufanana ndi kulapa kwathu. Poyamba iye anati nkhosa ndi ng'ombe za Aamaleki anazisunga ndi anthu kuti akapereke nsembe. Samueli atamupanikiza, anavomera kuti wachimwa, koma anawonjezera kuti anaopa anthu, ndipo pambuyo pake anapempha kuti amulemekezebe pamaso pa akuluakulu. Chimene ankadera nkhawa ndi ulemu wake, ndipo ufumu unamuchokera. Davide, amene anatenga mkazi wa Uriya n'kumuphetsa mwini wake kunkhondo, atadzudzulidwa ndi Natani sanatchule munthu wina aliyense. Anati wachimwira Yehova. Anakhululukidwa, ngakhale kuti zowawa zobwera ndi tchimolo sizinachoke m'nyumba mwake.

Ndipo kuvomera pakamwa pokha sikukwanira. Zakeyu, pa Luka 19, analonjeza kupereka theka la chuma chake kwa osauka ndi kubweza kanayi kwa aliyense amene anamulanda monyenga. Ife timalira misozi kutsogolo kwa tchalitchi, koma mbuzi ya mwini wake ikadali m'khola mwathu, ndipo mtsikana uja akulera yekha mwana popanda ngakhale sopo wochokera kwa bambo wake.

Choncho ndikupempha abusa ndi akulu a mipingo kuti asanabwezeretse munthu wodulidwa ku mgonero, azimufunsa ngati wapita kwa amene anamulakwira, ngati watchula cholakwacho ndi pakamwa pake popanda kuloza wina chala, ndiponso ngati wayamba kubweza zimene zingabwezedwe, ngakhale pang'onopang'ono. Wolakwiridwayo nayenso aitanidwe ndipo amveredwe, chifukwa kawirikawiri nkhani imathera m'chipinda cha akulu iye asanafunsidwe kanthu.

Mkhristu wokhudzidwa,
Dedza