Lipoti la nthumwi yathu ku msonkhano wa COP16 wa zachilengedwe ku Cali, Colombia

Apampando, akomiti ndi mamembala nonse,

Ndikupereka lipotili pa ulendo umene munandituma kukakhala nawo pa msonkhano wa nambala 16 wa mayiko amene ali m'pangano la United Nations loteteza mitundu yosiyanasiyana ya zamoyo, umene unatsegulidwa pa 21 Okutobala 2024 mumzinda wa Cali ku Colombia. Wapampando wake anali mayi Susana Muhamad, amene panthawiyo anali nduna ya zachilengedwe ya dzikolo. Msonkhanowu unayenera kutha pa 1 Novembala, koma zokambirana zinachezera usiku wonse mpaka m'mawa wa pa 2 Novembala, ndipo ngakhale pamenepo unangoimitsidwa nkhani yaikulu isanathe. Ine ndinalowa ngati woonerera, kutanthauza kuti ndinkamvera zokambirana ndi kucheza ndi nthumwi za maboma panthawi yopuma, koma ndinalibe mawu pa zigamulo. Funso limene munandisenzetsa ponyamuka linali lakuti, pamene mayiko akupangana zoteteza zachilengedwe, kodi munthu amene amadalira nkhalango, nyanja ndi munda akumuika pati? Lipoti lonseli likuzungulira pa funso limeneli.

Ntchito ya ku Cali inali yoona momwe mayiko akukwaniritsira mgwirizano wa Kunming-Montreal, umene anauvomereza ku Montreal m'dziko la Canada mu Disembala 2022, wokhala ndi zolinga 23 zoti zitheke pofika 2030. M'pangano la United Nations lija muli mbali 196 kuphatikizapo European Union, koma United States mulibe. Ziwerengero zimene aliyense ankayambira nazo ndi zoopsa ndithu. Bungwe la akatswiri la IPBES linapeza mu 2019 kuti mitundu ya zomera ndi nyama pafupifupi 1 miliyoni ili pachiopsezo chotheratu, ndipo lipoti la 2024 la bungwe loteteza zachilengedwe la WWF likuti magulu a nyama zakutchire amene akhala akuwerengedwa anachepa ndi 73 peresenti, tikatenga pakatikati, kuchokera mu 1970 kufika mu 2020. Chimene ndikufuna muchigwire ndi mndandanda wa zoyambitsa vutoli monga IPBES inausanjira. Patsogolo pali kusintha kagwiritsidwe ntchito ka nthaka ndi nyanja, kenako kudula, kusaka ndi kusodza mopyola muyezo, ndipo kusintha kwa nyengo kukubwera pachitatu, kutsatiridwa ndi kuipitsidwa kwa malo ndi zamoyo zobwera zimene zimalanda malo a zinzake. Ndiye kuti nkhani yoteteza zachilengedwe, isanakhale nkhani ya nyama ndi mitengo, ndi nkhani ya khasu, nkhwangwa, ukonde ndi makina a m'migodi, zinthu zimene anthu amadyerapo.

Cholinga chimene chimatchuka kwambiri ndi chachitatu, chakuti pofika 2030 malo okwana 30 peresenti ya mtunda ndi 30 peresenti ya nyanja akhale otetezedwa. Lipoti limene linatulutsidwa msonkhano uli mkati linasonyeza kuti panthawiyo malo otetezedwa anali 17.6 peresenti ya mtunda pamodzi ndi madzi a pamtunda, ndi 8.4 peresenti yokha ya nyanja zamchere. Choncho pofika 2030 malo otetezedwa a pamtunda ayenera kukula pafupifupi kawiri, ndipo a m'nyanja kupitirira katatu. Funso limene linandisowetsa tulo ndi lakuti malo ochuluka chotere achokera kuti, poti malo ambiri amene zamoyo zikadali zochuluka si opanda anthu. Muli anthu amene akhala akudyetsamo ziweto, kufulamo uchi, kutemamo milimo ndi kuikamo maliro awo kwa mibadwo yambiri, ndipo kawirikawiri zamoyozo zatsalamo chifukwa cha kasamalidwe ka anthu omwewo.

Mbiri ikusonyeza kuti boma likafuna kuonjezera mahekitala mwachangu, njira yapafupi imakhala yojambula malire pamapu n'kuthamangitsa amene ali mkati. Nkhani ya Aogiek a m'nkhalango ya Mau ku Kenya inkatchulidwa kawirikawiri ngati chenjezo. Mu 2017 khoti la Africa loona za ufulu wa anthu, limene limakhala ku Arusha, linagamula kuti boma la Kenya linaphwanya ufulu wawo powachotsa m'nkhalangomo, ndipo linakana kuti kuteteza nkhalango kukhale chifukwa chowachotsera, pakuti panalibe umboni wakuti ndi iwo amene anaiwononga kwambiri. Mawu a cholinga chachitatu amanena momveka kuti malo a eni nthaka, kutanthauza mitundu ya anthu imene yakhala m'malowo kuyambira kalekale, ndi a anthu a m'midzi azilemekezedwa, ndiponso kuti kugwiritsa ntchito zachilengedwe mosamala kuziloledwa pamene sikukuwononga. Mawuwa ndi abwino, koma tikudziwa kuti chimene chimalembedwa m'malipoti a boma ndi chiwerengero cha mahekitala, osati chiwerengero cha mabanja amene anafunsidwa maganizo.

Njira ina ilipo, ndipo si yongoganizira. Ku Namibia lamulo la 1996 linapatsa anthu a m'midzi mphamvu zokhazikitsa madera awo osungiramo nyama ndi kulandira phindu lochokera ku zokopa alendo ndi usaki wololedwa, motero nyama imene kale inali mdani wodya mbewu inasanduka chuma cha mudzi. Ku Costa Rica, kuyambira 1997, boma limalipira eni malo amene akusunga nkhalango, pogwiritsa ntchito gawo la msonkho wa mafuta a galimoto, ndipo dziko limene nkhalango zake zinachepa kwambiri m'ma 1980 tsopano laphimbidwa ndi mitengo kupitirira theka. Njira ziwirizi zili ndi zofooka zake, makamaka pa kagawidwe ka phindu, koma zikugwirizana pa mfundo imodzi: wosamalira ali ndi umwini wodziwika pa lamulo ndipo phindu limamufika m'manja. IPBES inapeza mu 2022 kuti anthu amagwiritsa ntchito mitundu ya zamoyo zakutchire pafupifupi 50,000, kuti munthu mmodzi mwa asanu aliwonse amazidalira pa chakudya ndi ndalama, ndiponso kuti anthu 2.4 biliyoni amaphikira nkhuni. Anthu ochuluka chotere sungawauze kuti asiye lero popanda kuwapatsa pogwira, ndipo lamulo longoletsa limangosandutsa anthu osauka kukhala akuba pamalo pawo pomwe.

Pa nkhani imeneyi Cali inabereka chipatso chenicheni. Usiku womaliza mayiko anavomereza kukhazikitsa nthambi yokhazikika yoona za eni nthaka ndi anthu a m'midzi pansi pa ndime 8(j) ya panganoli, m'malo mwa kagulu kongoyembekezera kamene kakhalapo kwa zaka zoposa 20. Anavomerezanso kuzindikira gawo la anthu a ku America amene makolo awo anachokera ku Africa pa ntchito yosamala zachilengedwe. Nthumwi za eni nthaka zinaimirira ndi chisangalalo chachikulu, ena misozi ili m'masaya, ndipo ine ndinasangalala nawo kuchokera pansi pa mtima.

Za kusintha kwa nyengo ndinapita ndikuganiza kuti zonse zothandiza nyengo zimathandizanso zamoyo, koma ndabwerako nditasintha maganizo. N'zoona kuti nthawi zambiri zimayendera limodzi: nkhalango yachilengedwe imasunga mpweya wa kaboni, imasunga madzi ndiponso imasunga zamoyo. Koma kubzala mitengo ya mtundu umodzi monga bulugamu kapena paini pamalo pamene mwachilengedwe ndi pa udzu kumaoneka bwino m'mabuku owerengera kaboni pamene kukupha zomera ndi tizilombo ta pamalopo ndi kuumitsa mitsinje. Chimodzimodzinso mabatire a magalimoto oyendera magetsi amafuna miyala ya cobalt, imene pafupifupi 70 peresenti yake imakumbidwa ku Democratic Republic of Congo, ndi nickel, imene yoposa theka imachokera ku Indonesia, kumene migodi yake ikudya nkhalango za pazilumba. Mpweya umayera m'mizinda ya kutali, koma zipsera zimatsala kwa eni malo.

Chitsanzo chimene chinanditsegula maso ndi madambo a matope akuda a m'chigwa cha mtsinje wa Congo. Madambo a mtundu umenewu, m'mene zomera zakufa zaunjikana m'madzi kwa zaka zikwizikwi osawola kotheratu, amatenga 3 peresenti yokha ya mtunda wa dziko lapansi, koma amasunga kaboni wochuluka kuposa mitengo ya m'nkhalango zonse. A m'chigwa cha Congo okha akusunga matani pafupifupi 30 biliyoni. Mu 2022 boma la Democratic Republic of Congo linatsatsa malo ofufuzamo mafuta, ena mwa iwo okhudza madambowa, ndipo dziko lapansi linakuwa. Kukuwako kunali ndi chifukwa chake, komatu dziko limene anthu ake ambiri alibe magetsi lilinso ndi funso loyenera kuyankhidwa: ngati chuma chimenechi tichisiye pansi kuti anthu onse apindule, ndani atilipire?

Apa ndi pamene msonkhano unagwera. Mgwirizano wa 2022 umavomereza kuti ndalama zotetezera zachilengedwe zikuperewera ndi madola 700 biliyoni chaka chilichonse. Mayiko anapangana kupeza madola 200 biliyoni pachaka pofika 2030 kuchokera ku maboma, makampani ndi njira zina, ndipo mwa ndalamazi mayiko olemera azipereka kwa osauka madola 20 biliyoni pachaka pofika 2025, kenako 30 biliyoni pofika 2030. Anapangananso kuchepetsa ndi madola 500 biliyoni pachaka masabuside amene amalimbikitsa kuwononga, monga othandizira zombo zikuluzikulu zosodza mopyola muyezo. Thumba limene linakhazikitsidwa mu 2023 pansi pa Global Environment Facility, bungwe lopereka ndalama zothandizira ntchito zachilengedwe, linalandira malonjezo atsopano a madola 163 miliyoni ku Cali, zomwe zinafikitsa zonse pafupifupi pa 400 miliyoni. Yerekezani nokha mamiliyoni amenewa ndi mabiliyoni aja. Mayiko a mu Africa, Brazil ndi ena anafuna thumba latsopano loyang'aniridwa ndi msonkhano wa panganoli, m'mene mayiko osauka angakhale ndi mawu okwanira ndipo ndalama zingatuluke mosavuta. European Union, Japan, Canada, Switzerland ndi ena anakana, ponena kuti thumba lina lingochulukitsa maofesi osati ndalama. Pamene nkhaniyi inkafika patebulo kunja kutacha, nthumwi zambiri zinali zitanyamuka kukakwera ndege, ndipo atawerenga otsala anapeza kuti sakukwana kupanga chigamulo. Zinandiwawa kuona kuti ambiri mwa amene anachoka msanga anali a mayiko amene anatumiza anthu ochepa ndipo analibe ndalama zosinthira matikiti, omwenso nkhani ya ndalamayi imawakhudza kwambiri. Ndondomeko yoyezera momwe mayiko akuchitira inatsalanso m'malere, ndipo zonsezi zinasiyidwa kuti zidikire kupitirizidwa kwa msonkhanowu mu 2025.

Chinthu chimodzi cha ndalama chimene chinatheka ndi thumba lotchedwa Cali Fund. Masiku ano kampani ya mankhwala, zodzoladzola kapena mbewu siifunikanso kutenga chomera chenicheni m'nkhalango; imangotenga pa intaneti zolembedwa za DNA yake n'kupangira malonda. Anagwirizana kuti makampani akuluakulu opindula motere aziponya m'thumbali 1 peresenti ya phindu lawo kapena 0.1 peresenti ya ndalama zonse zolowa, ndipo theka kapena kuposerapo lizipita kwa eni nthaka ndi anthu a m'midzi. Koma kupereka sikokakamiza, choncho ndikulangiza kuti tisawerengere ndalama imeneyi m'mapulani athu mpaka titaiona.

Dziko lililonse linayenera kufika ku Cali ndi pulani yake yatsopano yosamalira zamoyo, koma pofika kumapeto kwa msonkhano mayiko 44 okha ndiwo anali atapereka, ngakhale kuti 119 anapereka zolinga zawo. Ena akuona kuchedwaku ngati manyazi okha, koma kwa ife ndi khomo lotseguka, chifukwa m'mapulani a mayiko ndi m'mene mudzalembedwe kuti malo atsopano otetezedwa adzakhala ati, adzawayang'anira ndani, ndipo amene amadulamo, kusodzamo ndi kudyetsamo ziweto adzaloledwa chiyani. Zimenezi sizigamulidwa ku Cali.

Ndikupempha tsono kuti komiti ilembere ofesi ya boma yoona za panganoli, kufunsa pamene pulani ya dziko lathu yafika ndi kupempha malo pa zokambirana zake ndi pa kuyang'anira kakwaniritsidwe kake. Tisanapite kumeneko tiyenera kukhala ndi umboni wathu, choncho gulu lililonse la mamembala lilembe malo amene anthu ake akusamala kale mwa malamulo awoawo, zimene amatengamo, nyengo imene amatseka ndi chilango cha wophwanya, pakuti cholinga chachitatu chimalola kuti malo otere awerengedwe popanda kulandidwa. Ndikupemphanso kuti pasakhale gulu lathu losaina mgwirizano wogulitsa kaboni (wolandira ndalama chifukwa cha kaboni wosungidwa m'mitengo ndi m'nthaka) kapena wobzala mitengo komiti isanauwerenge, makamaka ndime zonena za mtundu wa mitengo, zaka za mgwirizano ndi ufulu wolowa m'malowo.

Zikalata za zigamulo ndazipereka kwa alembi kuti aliyense wofuna aziwerenge, ndipo ndikupempha Apampando kuti aike mfundo zitatuzi pa ndandanda ya msonkhano wathu ukubwerawu, kumene ndidzayankhenso mafunso anu.

Ine nthumwi yanu.