Kalata Yopita ku Arizona

Highfield, Harare

Achimwene,

Kalata yanu anabwera nayo aPhiri Lachiwiri, pamodzi ndi chithunzi chija mwaima pageti. Chipewa chachikulu chimenecho munabwereka kwa yani? Pagalaja pano tinaseka mpaka mnyamata wanga anagwetsera sipanala m'beseni la oilo. Koma mtima wanga wakondwa zedi. Tonse tinayambira kutsuka mapisitoni ku Gazaland, lero mmodzi wa ife waponda pamalo amene Toyota imayesera galimoto zake m'chipululu, ku Wittmann. Mkamwini wanu mumuthokoze m'malo mwanga pokutengerani kumeneko.

Mwati msewu wake ndi wozungulira, makilomita 16, wopanda dzenje ngakhale limodzi, wopanda kombi yoima pakati kukweza anthu. Mwati anamata kamera ya foni yanu, ndipo galimoto zomwe sizinatuluke amazikuta ndi mizeremizere yakuda ndi yoyera kuti maonekedwe ake asadziwike. Zonsezo ndamva. Chandigwira mtima ndi zoti amaisiya galimoto padzuwa tsiku lonse mawindo ali chitsekere, kenako n'kuiliza kuti aone ngati dashboard yang'aluka, ngati AC ikuziziritsabe, ngati madzi akuwira mu radiator. Ndiyetu ntchito imene ife timakumana nayo zaka zitapita, ka Honda Fit kochokera ku Japan katatentha pa Seke Road mwezi wa October, mapaipi a madzi atauma gwa, gasiketi itapsa. Mukanawafunsa kuti fumbi lawolo amaliyesapo ndi fyuluta imene mwini wake wakhala akungoipuntha pamwala osagula ina. Kuyambira 2021 kuno analetsa kuitanitsa galimoto zopitirira zaka 10, koma zomwe zinalowa kale tikuziwotcherera mpaka pano.

Tsono inuyo. Munaima panja nthawi yaitali bwanji? Galimoto zawozo amazimangirira mawaya oyeza kutentha paliponse, nanga inu anakuyezani ndani? Ku Phoenix, pafupi ndi kwanuko, mu 2023 kunatentha madigiri 43 kapena kuposa kwa masiku 31 otsatizana, ndipo inu ndi BP yanu ija mukuyenda pa tala masana. Mapiritsi anu aja amachotsa madzi m'thupi, mukudziwa. Pachithunzipo milomo yanu yauma, ndaiona bwinobwino. Nabanda akuti ndi kuwala kwa dzuwa chabe, koma ine usiku umenewo tulo sindinatione. Ndinkangoganiza kuti mutagwa kumeneko, uthenga ungatipeze liti, ndipo ndani angakubweretseni kuno. Muzimwa madzi, achimwene, ngakhale ludzu lisanakugwireni. Mkamwini akati tibwererenso, mumuuze adikire January kukazizira.

Mwana wa Nambewe anakwatiwa mwezi watha, ndipo aMwale tinawaika kumanda a ku Mbudzi, mwina mwamva kale. Jeke yanu ija munandisiyira, aBanda anabwereka kuti akasinthe tayala limodzi, mpaka lero zii. Ndikawafunsa akuti ili kwa mlamu wawo ku Mufakose. Panopa ndikukweza galimoto ndi kajeke ka botolo kodontha oilo, pansi pake ndikuika njerwa, ndipo msana wayamba kundivuta m'mawa uliwonse.

Pepala likutha. Mukadzayankha mundiuze za matayala, ngati pa liwiro limenelo pamsewu wotentha choncho amawapopa mpweya wochepa kapena ayi, pakuti aPhiri akulimbikira zimenezo.