Amayi akhala akupeka nyimbo za kwaya kuyambira kalekale

Akonzi,

Ndipatseniko kampata ndiyankhe bambo wina amene ndinalephera kumuyankha pamaso. Chaka chatha, pa chikondwerero cha makwaya cha tsiku la Cecilia Woyera, nkhoswe ya oyimba, ndinatenga pepala la ndondomeko n'kuyamba kuwerenga mayina a opeka nyimbo. Onse anali amuna, kupatula nyimbo ziwiri zomwe analemba kuti "wopeka sadziwika". Koma kutsogoloko, oyimba ochuluka anali ife amayi. Nditadandaula chapansipansi, bambo amene ndinakhala nawo benchi limodzi anati, "Mayi, inu kwanu n'kuyimba. Kupeka ndi kwa abambo kuyambira kale, ngakhale kwa azungu." Ndinangoti chete poti munali m'tchalitchi. Ndayimba alto zaka zoposa 30, ndipo mawuwo andikhala pamtima chaka chathunthu.

Kale lake liti, bambo? M'zaka za m'ma 800, ku Constantinople kunali sisitere wotchedwa Kassia. Nyimbo yake ya mkazi wochimwa uja amene anasambitsa mapazi a Yesu ndi misozi, a Orthodox amaiyimbabe Sabata Loyera lililonse mpaka lero.

Koma amene amandigwira mtima ndi Hildegard wa ku Bingen, ku Germany, yemwe anabadwa mu 1098. Anasiya nyimbo zoposa 70, mawu ndi kayimbidwe komwe, ndipo zina zimakwera mpaka soprano wathu angagwire pakhosi. Ali ndi zaka 80, akuluakulu a mpingo ku Mainz analetsa masisitere ake kuyimba, chifukwa anakana kufukula mtembo wa munthu wina amene iwo ankati anamwalira ali wochotsedwa mu mpingo. Mapemphero ankangowanena motsitsa, zitseko zili zotseka. Gogoyo sanagonje. Analemba kalata yowachenjeza kuti wotseka pakamwa anthu otamanda Mulungu popanda chifukwa chomveka adzayankha yekha mlandu kumwamba. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1179, ndipo iye anamwalira chaka chomwecho. Mu 2012 Papa Benedict XVI anamuika m'gulu la Aphunzitsi a Mpingo.

Ku Italy ndiye musanene. Maddalena Casulana anasindikiza buku lathunthu la nyimbo zake ku Venice mu 1568, mkazi woyamba kutero, ndipo m'mawu oyamba ananeneratu kuti akufuna kuonetsa kulakwa kwa amuna oganiza kuti nzeru anapatsidwa okha. Ku Milan, sisitere Chiara Margarita Cozzolani anatulutsa masalimo a mawu asanu ndi atatu mu 1650. M'manotsi ake muli tena ndi besi, chonsecho m'nyumba ya masisitere munalibe mwamuna woyimba. Ena zimawazunguza mutu. Ine sizindidabwitsa konse, chifukwa ndinamvapo amayi a Mvano ndi a Chigwirizano akuguguda besi pamaliro mpaka abambo a panja kusuzumira kuti aone ngati mwalowa mnzawo.

Tsono nayi nkhani imene ikuonetsa kumene mayina amathera. Fanny Mendelssohn wa ku Berlin anaphunzira nyimbo limodzi ndi mlongo wake Felix, kwa mphunzitsi mmodzi. Mu 1820 bambo ake anamulembera kuti kwa Felix nyimbo zikhoza kukhala ntchito, koma kwa iye zizingokhala zokometsera moyo. Anapekabe nyimbo zoposa 400, ndipo Lamlungu ankatsogolera kwaya pakhomo pawo. Nyimbo zake zisanu ndi imodzi zinasindikizidwa m'dzina la Felix. Mu 1842 Felix atakacheza ku Buckingham Palace, Mfumukazi Victoria inasankha nyimbo imene inkaikonda m'buku lake n'kuiyimba. Mwamunayo anachita kuulula yekha, mwamanyazi, kuti mwini wake ndi Fanny. Pamenepo ndimamuyamikira, ambiri akanangogwedeza mutu n'kulandira ulemuwo. Fanny anayamba kusindikiza m'dzina lake mu 1846, ndipo chaka chotsatira anadwala mwadzidzidzi ali pa pulakatisi, n'kumwalira tsiku lomwelo.

Enawo ndingowatchula mothamanga. Ethel Smyth anapeka Misa yomwe inayimbidwa ku Royal Albert Hall mu 1893, ndipo mu 1912, ali m'ndende ya Holloway chifukwa chomenyera amayi ufulu wovota, ankatsogolera akaidi anzake kuyimba ali pawindo, akugwedeza mswachi. Lili Boulanger wa ku France anamwalira mu 1918 ali ndi zaka 24 zokha, atasiya masalimo olemera oti kwaya yathu ingatuluke nawo thukuta. Ndipo amene munaonera maliro a Mfumukazi Elizabeth II mu 2022 munamva Salimo 42 m'kayimbidwe kopekedwa ndi mayi, Judith Weir.

Mwina muziti ndikulimbikiranji za kutali. Imodzi mwa nyimbo ziwiri zija za "wopeka sadziwika" ndi ya mayi anga. Anaipeka pamene mchimwene wanga wamng'ono anamwalira ndi chikuku. Ndikuwakumbukira atakhala pakhonde, lichero pamiyendo, akusankha nyemba uku akubwereza mzere umodzi masiku angapo, mpaka tsiku lina anandiitana kuti, "Iwe, tandipolokozera apa." Sankadziwa do-re-mi, ngakhale dzina lawo ankasainira ndi chala. Anaiphunzitsa amayi anzawo pamsonkhano wa Lachinayi, inayenda pamaliro ndi pamaliro, kenako mnyamata wina wodziwa manotsi anailemba n'kuikonzera mawu anayi. Ntchito anaigwira bwino, sindikukana. Koma sanafunse kuti nyimboyo inachokera pakhomo pa yani, ndipo pa makope ena amene ndaona, dzina lili pamwamba ndi lake.

Pempho langa kwa okonza zikondwerero, akwayamasitala ndi owulutsa nyimbo za Mulungu pa wailesi ndi lakuti muzifunsa. Mukamva nyimbo kwa amayi, funsani anaiyambitsa ndani, mulembe dzina la wopeka padera ndi la wokonza manotsi padera. Amayi anzanga amene mukadali ndi moyo, bungwe la COSOMA, loteteza umwini wa nyimbo ndi zolemba, lilipo, kalembetseni nyimbo zanu.

Chaka chino pa 22 Novembala kwaya yathu iyimba nyimbo ya mayi angayo. Makope onse ndawalemba dzina lawo ndi bolopeni yofiira pakona ya kumanja, ndipo limodzi ndasungira bambo aja.

Ine wanu,
Woyimba alto,
Zomba