Ombwe ndi nimu zimagwira ntchito tikatsata muyeso

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga olima ndiwo zamasamba m'madimba a ku Lunzu, m'mbali mwa Mudi ndi kuseri kwa nyumba ku Bangwe kapena ku Chilomoni. Ambiri amati ombwe, nimu ndi tsabola sizipha tizilombo. Vuto si mitengoyi ayi. Timasakaniza mongoyerekeza, kenako n'kupopera dzuwa lili paliwombo.

Ndiyambe ndi ombwe, poti ndiye amathana bwino ndi nsabwe za pa mpiru, repu ndi kabichi. Thyolani masamba, muyanike pamthunzi mpaka aume, musinje mumtondo wosasinjiramo chakudya. Ufa wokwana kilogalamu imodzi muuviike m'malita 10 a madzi, muikemo sopo wamtanda wopala, masupuni awiri aang'ono, zigone usiku wonse. Sopoyo amakoka mphamvu ya m'masamba ndiponso amachititsa kuti mankhwala amatirire patsamba. Sopo waufa wochapira musayerekeze, amawaula masamba. Kukacha sefani ndi nsalu kawiri, apo ayi timisetche titseka kamwa la sipuleya.

Poperani dzuwa litapendeka, cha m'ma 4 koloko kupita m'tsogolo, chifukwa kuwala kwa dzuwa kumapha mphamvu ya ombwe ndi nimu yemwe. Nthawi imeneyo njuchi zimakhalanso zitachepa pamaluwa. Lozetsani kunsi kwa tsamba, ndiko nsabwe zimaunjikana. Bwerezani pakatha sabata, ndipo zotsala musasunge. Dziwaninso kuti mitengo ina ya ombwe, ngakhale imaoneka chimodzimodzi, ilibe mphamvu yophayo. Yesani pamzere umodzi kaye. Ngati nsabwe zili gwa patapita masiku awiri, kapezeni mbewu ya ombwe kwa mlimi amene wake amagwira. Ndipo poti ombwe amapha nsomba, ndowa ndi sipuleya musatsukire mumtsinje kapena pafupi ndi damu.

Nimu amachuluka ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo mphamvu yake yambiri ili m'njere, osati m'masamba. Njere zouma zosenda zokwana theka la kilogalamu, zosinja, zimakwanira malita 10, kuviika kwake n'komweko. Apa m'pomwe alimi amataya mtima: mbozi siifa pomwepo. Imaleka kudya, imalephera kufundula, n'kufa patapita masiku angapo. Muziyang'ana ngati masamba atsopano akubooledwa, osati kuwerenga mitembo.

Tsabola wa kambuzi amathamangitsa kuposa kupha. Magalamu 100 osinja agone m'lita imodzi tsiku lathunthu, musefe, muonjezere malita asanu a madzi a sopo. Akachuluka amatentha mbande, ndipo maso ndi manja muziteteze.

Pa chimanga cha m'dimba, mbozi zachilendo zija (fall armyworm) zidafika m'dziko muno m'nyengo ya 2016/17 zimabisala mumtima mwa mmera, moti kupopera pamwamba n'kutaya nthawi. Yenderani munda kawiri pa sabata m'mamawa, muphwanye mazira ndi chala, ndipo muthire kadzanja kochepa ka mchenga wosakaniza ndi phulusa mumtimamo mbozi zikadali zazing'ono. Alimi ena amadonthezeramo msuzi wa usipa kuti nyerere zibwere kudzagwira mbozizo. Zikakula ngati chala cha mwana, zitoleni ndi manja basi.

Madzi a fodya okha ndikuti tiwasiye. Ndi poizoni kwa wopopera ndi kwa wakudya ndiwo, ndiponso fodya amatha kupatsira tomato matenda okwinyitsa masamba. Ngakhale pa ombwe ndi nimu, dikirani masiku angapo musanathyole zopita nazo ku msika wa Limbe, ndipo ndiwozo zitsukidwe bwino. Alangizi a zaulimi akamabwera kumakalabu athu, abwere ndi sikelo ndi ndowa ya malita 10, alimi aone muyeso ndi maso.

Mlimi wa ndiwo zamasamba,
Lunzu, Blantyre