Kwa mwana wanga wokonza zitseko

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi banja lako. Ife kuno tilipo, ndipo amayi ako akupereka moni.

Chandilembetsa kalatayi ndi nkhani udandiuza pa foni ija, ya chitseko chotseguka chokha cha pasitolo chomwe chikumati chikayamba kutseka, chimafika pakati n'kubwereranso. Udati wasintha bolodi la magetsi lolamulira mota ya chitsekocho koma vuto likadalipo, ndipo mwini malo wayamba kukukayikira. Sindidafune kuchulutsa mawu poti udali wotopa. Koma ndagona nacho m'mutu chitsekocho, ndipo sindikukhulupirira kuti bolodi lakalelo lidali ndi mlandu.

Chitseko chobwerera m'mbuyo chikuchita zomwe chidapangidwira. Bolodi limawerenga kuzungulira kwa mota kudzera mu kachipangizo kotchedwa encoder, limayang'aniranso mphamvu ya magetsi yomwe motayo ikukoka. Chitseko chikalemera mwadzidzidzi, bolodi limayesa kuti chapana munthu, ndiye limachibweza. Sensa, lomwe ndi diso la chitseko, ikanena kuti pakhomo pali chinthu, limachibwezanso. Funso lako likhale lakuti chitsekochi chikugunda chiyani, kapena chikuona chiyani. Bolodi latsopano lizimva zomwezo zimene lakale linkamva, n'chifukwa chake palibe chasintha.

Ukafika, chikwama cha zida chiyambe chakhala pansi. Ima pambali, uchione chikutseguka ndi kutseka kangapo. Ngati chikubwerera pamalo amodzimodzi nthawi zonse, vuto lili m'njira yake. Ngati chikubwerera pena paliponse, ulendo uno apa ulendo wina apo, yang'ana kanyali ka pa sensa: kakayaka chitseko chisanabwerere, wapeza poyambira. Funsanso mlonda ndi anthu okolopa. Iwo ndi amene amadziwa kuti vutoli limabwera m'mawa dzuwa likalowa pakhomo, kapena mvula ikagwa, kapena akangomaliza kukolopa. Kangapo konse mlonda adandipulumutsa ku ntchito ya tsiku lonse ndi mawu awiri okha.

Kenako zimitsa magetsi, uzulenso batire, chifukwa chitseko chokhala ndi batire chimatha kuyenda zala zako zili pa lamba wokoka chitseko. Ukatero, chikankhe ndi dzanja kuchokera uku kukafika uko, pang'onopang'ono, khutu lili tcheru. Chitseko chabwino chimatsetsereka mofanana njira yonse, ngakhale galasi lake ndi lolemera. Dzanja lako likamva polimba, pomweponso ndi pamene mota imavutikira. Kawirikawiri umapeza kamwala kapena kachitsekerero ka botolo katalowa m'kanjira kapansi. Mwina kateyala kamodzi kadyeka mbali imodzi, ndipo kamalira gu gu gu pozungulira paliponse. Mwina chitseko chatsika n'kumakhula pansi, kapena kateyala koletsa chitseko kudumpha njanji kadamangidwa mothina. Pukuta njanji ndi nsalu youma. Usaikemo girisi, ngakhale mwini malo akuchonderere kuti phokoso lithe lero lomwe. Girisi amagwira fumbi ndi mchenga, ndipo pakapita miyezi phala limenelo limadya timateyala ndi njanji yomwe. Lamba umugwirenso ndi zala. Akakhwepa amadumpha mano, bolodi n'kusokonezeka poti chitseko chili pati. Akakungika kwambiri amapha mabering'i a mota.

Dzanja likapanda kupeza kanthu, bwezeretsa magetsi, ukwere kukaona masensa. Pamwamba pa khomo pamakhala maso a mitundu iwiri, nthawi zambiri m'kabokosi kamodzi. La radar limaona zoyenda, ndilo limatsegulira munthu akamabwera. La infrared limaona chilichonse choima pakhomo, ndilo limaletsa chitseko kutseka. Radar ikawerama kwambiri imaona chitseko chenichenicho chikuyenda, n'kuchitsegulanso, mpaka tsiku lonse kumangokhala tsegu tseke popanda munthu. Imanyengekanso ndi duwa la mumphika logwedezeka ndi mphepo, chikwangwani cholendewera, nyali yothwanima, ngakhale chivundikiro cha pamwamba chomwe chikunjenjemera poti wina sadamange bwino zomangira. Infrared imaloweza maonekedwe a pansi, ndiye wina akasuntha chopondera, kapena madzi akadikha pa matailosi onyezimira, imayesa kuti pali munthu. Kangaude mmodzi woluka ukonde pa kagalasi ka sensa adandiyendetsa maulendo awiri. Yeza ndi mita yako ngati magetsi ofika ku sensa ndi okwanira, nthawi zambiri amakhala mavoliti 24, ndipo gwedeza waya aliyense polumikizira.

Pamene Dee Horton ndi Lew Hewitt ankapanga chitseko chotere ku Corpus Christi, ku Texas, mu 1954, mdani wawo idali mphepo yomwe inkavutitsa zitseko zokankha. Chawocho chinkatseguka munthu akaponda chopondera chokhala ndi swichi mkati. Chinkangodziwa kulemera kwa phazi basi. Za lerozi tidazipatsa maso, ndipo chokhala ndi maso chimatha kuona zomwe palibe.

Zina n'zazing'ono moti munthu amazidumpha. Chitseko chokana kutseka, yamba waona swichi yosankhira kagwiridwe, mwina wina adaisiya pa kutsegula. Ona ngati alamu ya moto sikuchilamula kuti chikhale chotseguka. Zitseko zambiri za pa njira yothawira zimayesa batire lawo zokha, ndipo likafooka zimatseguka n'kukhala choncho dala.

Tsopano ndifike pa chomwe chikundiwawa. Udati mnzako adakuuza kuti ungolumikiza waya wodumpha sensa yoteteza, chitseko chizitseka, mwini malo akhale chete. Mwana wanga, usachite zimenezo. Kudumpha sensa kwa mphindi zochepa poyesa, iwe uli pomwepo ndipo khomo watchinga, n'kololeka. Kuchoka utasiya wayayo ayi. Ine ndidachitapo kamodzi ndili mnyamata, tsiku lina madzulo, ndikudziuza kuti ndibwera mawa ndi sensa yatsopano. M'mawa mwake ndisanafike, chitsekocho chidagunda gogo wina woyenda ndi ndodo yemwe adaima pakhomo kuti apume. Adagwa, nathyoka dzanja. Ndidapita kukawaona, ndipo iwo ndi amene ankandipepesa ine, ati adachedwa kudutsa. Mpaka lero mawu amenewo sandichoka. Ngati chitseko sungachisiye chili chotetezeka, chisiye chotseguka ndi chozimitsa, umuuze mwini malo chifukwa chake pamaso, ulembenso m'buku la chitsekocho. Akwiye, palibe kanthu.

Ku Ulaya lamulo la EN 16005, lomwe lidatuluka koyamba mu 2012, limafuna kuti chitseko chiziunikidwa ndi katswiri kosachepera kamodzi pa chaka, ndipo masensa amayesedwa ndi bokosi la mamilimita 700 kutalika, 300 ndi 200 m'mbali. Ngakhale kumene ukugwira ntchito kulibe wokufunsa za lamulo limenelo, dzipangire bokosi lotere uziyenda nalo. Uliike pakati pa khomo, kenako kumapeto uku ndi uko, uone ngati chitseko chikuliona. Ukatero yenda wekha pang'onopang'ono ngati nkhalamba, ubwere cham'mbali ngati mwana wothamanga, uime pakhomo osagwedezeka.

Mawa bwerera kusitoloko ndi bolodi lakale lija. Ukapeza chomwe chikugwira chitseko, libwezeretse, uchilole chiyende chokha ulendo wake woyamba wophunzira kutalika kwa khomo, popanda munthu wodutsa. Chikayenda bwino, muuze mwini malo kuti bolodi silidali lowonongeka, ndipo umubwezere ndalama zake. Chikakanabe, werenga nambala yomwe bolodi likuonetsa kapena kuphethira kwa kanyali kake, uone tanthauzo lake m'buku la kampani yomwe idapanga chitsekocho, kenako undiimbire uli pomwepo. Foni uiike pafupi ndi njanji, ndimve mmene chikulirira.

Ndine bambo ako.