Chilengezo: Rosh Chodesh Elul ndi masiku awiri

Abale ndi alongo, pa kalendala ya Chiyuda mwezi wa Av umakhala ndi masiku 30, choncho chikondwerero cha mwezi watsopano wa Elul (Rosh Chodesh Elul) tidzachisunga pa 30 Av ndi 1 Elul. Tsiku limayamba dzuwa likalowa, musadikire kuti kuche.

Mu Amidah, pemphero lalikulu lomwe timapemphera chilili, onjezerani Yaaleh Veyavo, ndime yapadera ya masiku a chikondwerero. Apa ndiye ambiri amaphonya. Mukaiwala m'mawa kapena masana mpaka kumaliza pemphero, bwerezani lonse. Mukaiwala madzulo musabwereze, chifukwa bwalo la akuluakulu a Chiyuda la ku Yerusalemu silinkapatula mwezi watsopano usiku.

M'mawa tidzaimba Hallel wachidule, masalmo otamanda Mulungu. Tsikulo likapanda kugwera pa Sabata, anthu anayi adzaitanidwa powerenga Numeri 28:1-15, ndipo tefillin (timabokosi tachikopa ta malemba tovala pamkono ndi pamutu) muvule pemphero lowonjezera la Musaf lisanayambe. Kusala kudya n'koletsedwa masiku onse awiri.