Malire odutsa m'nyumba za anthu ku Baarle-Hertog

Mkonzi wolemekezeka,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndifotokozere owerenga anzanga za Baarle-Hertog, tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Antwerp ku Flanders, kumpoto kwa dziko la Belgium, chifukwa mbiri yake imatikhudza ife Achewa amene malire a atsamunda anatigawa m'maiko atatu.

Tauniyi si dera limodzi lolumikizana ayi. Zigawo zake 22 zili mkati mwa dziko la Netherlands, ndipo mkati mwa zina mwa zigawozo mulinso timalo 7 ta Netherlands, ta tauni yotchedwa Baarle-Nassau. Nkhaniyi inayamba m'chaka cha 1198, pamene Henry Woyamba, wolamulira dera la Brabant, anapereka malo ena a ku Baarle kwa wolamulira Breda, mzinda umene lero uli ku Netherlands, koma minda ina n'kuisunga m'manja mwake. Mayina awiriwo anachokera pomwepo: Hertog ndi udindo wa wolamulira Brabant uja m'Chidatchi, pomwe Nassau ndi banja limene linadzalamulira Breda pambuyo pake. Dziko la Belgium litadziimira palokha mu 1830, pangano la ku Maastricht la mu 1843 linalephera kulemba mzere umodzi pamalopo, motero munda uliwonse unalembedwa pawokha kuti uli m'dziko liti, ndipo malirewo anadzakhazikitsidwa kotheratu mu 1995.

Chimene chimandigwira mtima ndi mmene anthu akumeneko amakhalira ndi malire otere. Amaonetsedwa ndi timitanda toyera m'misewu, pamodzi ndi zilembo B (Belgium) ndi NL (Netherlands), ndipo amadutsa m'masitolo, m'malo odyera ngakhale m'nyumba zogona. Nyumba imawerengedwa kuti ili m'dziko limene khomo lake lakumaso lili, ndipo nambala ya nyumba imakhala ndi chizindikiro cha dziko lake. Pali mameya awiri ndi makhonsolo awiri, koma laibulale ndi imodzi, ndipo palibe amene amafunsidwa pasipoti popita kukagula buledi. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse asilikali a Germany analanda pafupifupi Belgium yense, koma sakanatha kufika m'zigawo zimenezi popanda kuponda nthaka ya Netherlands, dziko limene silinalowe nawo nkhondoyo.

Ife tili ndi abale ku Chipata, ku Mchinji ndi ku Tete, ndipo chaka chilichonse timakumana ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba, pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Ndikupempha kuti atolankhani anu akafunse maboma athu atatu chimene chikuletsa makhonsolo oyandikana, monga a Chipata ndi Mchinji, kuyendetsera limodzi misika ndi zipatala za m'malire, monga anthu a ku Baarle amayendetsera laibulale yawo.

Ine wowerenga wanu,
Chilenje, Lusaka